Bakha wa ku Ulaya pa Damu la Esiteti

Lolemba, 6 Okutobala 1952

Ku damu la esiteti m'mamawa, monga masiku onse. Bwana patsogolo ndi magalasi ake oonera patali, ine pambuyo ndi buku ndi pensulo. Madzi aphwera, m'mphepete matope okhaokha. Abakha a m'tchire aja timati zipweyo, makumi atatu ndi zinayi. Iye akuti zonse mtundu umodzi. Ayi. Zambiri n'za nkhope yoyera, likhweru lake katatu. Zisanu n'zofiirira thupi lonse, zoyera pamwamba pa mchira, likhweru kawiri. Ndamuuza, wayang'ananso, wagwedeza mutu. "Lyson, iwe ndiwe maso anga." Chaka chachinayi ndili maso a munthu wina. Chonsecho anandilemba ukalaliki wa ku fakitale.

Lachinayi, 9 Okutobala

Kalata yochokera kwa a Samueli, ahedi a sukulu ya mishoni ku Milonde. Malo a mphunzitsi wa ana oyamba alipo. Andisungira mpaka mwezi uno uthe. Chofunika n'chimodzi: kalata ya Bwana yondimasula. Mkazi wanga Janeti waiwerenga kawiri n'kuibisa m'Baibulo. Wayamba kale kunena za nyumba ya bwalo lakelake, osati kachipinda ka pa layini ya nyumba za antchito pano, pamene ukatsokomola oyandikana nawo amakupepesa.

Ndapempha kalatayo kwa Bwana masana, pakhonde, chipewa m'manja. "Mvula ikatha." Chaka chathanso anatero.

Lolemba, 13 Okutobala

Anamzeze achilendo afika. Andanda pa waya wa lamya kuseri kwa fakitale. Bwana amawasokoneza ndi athu chaka chilichonse. Mlendo pakhosi m'pofiira modera, pachifuwa mkanda wakuda, ndipo samanga chisa kuno. Athu alipo awiri. Wina chipewa chofiira, pakhosi poyera mbee, kumchira nthenga ziwiri zoonda ngati singano. Wina mizeremizere pachifuwa, chisa chake cha matope chokhala ndi kakhosi kolowera.

Bwana akufuna khungu la mlendo loti asunge m'kabati yake. Ndaloza, wawombera. Ndasenda, ndalongamo thonje. Kupepuka kwake ngati tsamba la tiyi louma. Akuti kachokera kwawo, kawoloka nyanja. Ndikanangoti sindikukaona.

Kutentha. Phiri silikuoneka ndi utsi wa malupsa.

Lachisanu, 17 Okutobala

Kwa abambo nditaweruka. Iwo ndi amayi amakhala pa malo a esiteti chifikire kuchokera kwa Apwitikizi. Dzulo kapitawo anawadutsira, ati akungoyenda, koma anayeza munda ndi mapazi. Ndiye kuti nkhani yanga yamveka. Abambo anandilankhula m'Chilomwe, chimene amachita nkhani ikakhala yolemera. "Ukachoka wopanda kalata, notisi yotisamutsa ibwera pakhomo pano. Amayi ako ndi mwendo uja ayenda kupita kuti?" Sanandiletse. Bola akanandiletsa.

Lachiwiri, 21 Okutobala

Nzeru ya Janeti: "Akukusungani chifukwa cha maso. Chitani khungu, akutayani okha."

Ndayesa dzulo. Chipweyo choyera nkhope ndati chofiirira. Wati ndilembe. Namzeze wa mizere ndati mlendo. Watinso ndilembe. Munthu wosaona angagwire bwanji bodza?

Lero ndaganiza zonama bodza lalikulu loti ngakhale iye aseke. M'bango munali kabakha kakang'ono ka mlomo wobiriwira, kamene timakaona sabata iliyonse. Ndati ndi bakha wa ku Ulaya uja wa m'buku lake, wa mzere woyera pamwamba pa diso. Bwana wakweza magalasi. "Inde, ndikuuona mzerewo!" Mzere wake uti? Kabakha kauluka. Wathamangira ku lamya kukaitana mnzake wa ku Zomba, katswiri wa mbalame. Abwera Loweruka.

Chabwino. Andigwire ameneyo. Kuchotsedwa ndi manyazi nakonso n'kuchotsedwa, ndipo wochotsedwa salipiritsa makolo ake. Ndikuganiza choncho. Sindikudziwa.

Loweruka, 25 Okutobala

Wabwera. Mzungu wokalamba, nsapato zong'ambika, Chinyanja chake chomveka. Anandipatsa moni ine poyamba. Ndinatuluka m'nyumba nditalonjeza Janeti kuti ndiphonya zonse.

Ku damu bakha wa ku Ulaya kulibe, angakhaleko bwanji. Mkulu uja sanadandaule. Anakhala pa chitsa n'kundiitana. Analoza kadontho kutsidya. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiname, koma iye anali asanayang'ane m'magalasi, amayang'ana ine, ngati munthu amene akufunadi kumva. Pazaka zinayi palibe anandifunsapo kuti ndimadziwira chiyani. Iye anafunsa. Ndinati kaimidwe, chipweyo chofiirira chimaweramitsa khosi pouluka. Anaseka n'kuwomba pa bondo. Analoza namzeze m'mwamba, patali zedi. Ndati wathu, wamkazi, singano za kumchira n'zazifupi. Wina, ndati mlendo wa chaka chino, pakhosi sipanafiire. Tinakangana za mmodzi, ndinapambana ine. Dzuwa linafika pamutu osadziwa.

Pokwera galimoto anauza Bwana m'Chingerezi, ine ndili pomwepo, kuti maso otere sanawaonepo mu Nyasalande muno, asadzanditaye. Za bakha uja anati ngati Lyson anamuona ndiye kuti analipo. Akamulemba m'mabuku awo.

Janeti anangondiyang'ana nkhope pakhomo. "Mwayankha bwino, eti?" Anatenga ndowa n'kupita ku mpopi, madzi ali odzaza m'nyumba.

Lamulungu, 2 Novembala

Mwezi watha. Ndinapemphanso Lachinayi. Bwana anaseka, n'kulowa m'nyumba, n'kutuluka ndi magalasi ake akale, akuti ndi anga tsopano. Ndinathokoza. Ndinawomba m'manja ndithu.

A Samueli atumiza mawu kudzera kwa wogulitsa nsomba zouma: apepesa, malo apereka kwa Chester, amene tinkakhala naye benchi imodzi mu Sitandade 6. Abambo munda wawo uli chikhalire, abzala mvula ikagwa. Janeti sanapite nane kutchalitchi. Akuti apita kwa amayi ake kukathandiza kubzala, sananene tsiku lobwerera.

Masana ndinapita ku damu ndekha. Palibe anandituma. Ndinaika magalasi m'maso, ndipo chipweyo chimene ndakhala ndikuchiona ngati kadontho zaka zonsezi chinabwera pafupi, nthenga iliyonse payokha, dontho la madzi pamlomo. Ndinakhala pamenepo mpaka mitambo inadetsa phiri ndi mphepo ya mvula kuyamba.

Pobwerera ndinazindikira kuti ndikuimba likhweru. Tsiku lonse za ku Milonde sindinaziganize. Chimenechi ndiye chikundiopsa kuposa notisi.