Pemphero la Ababa pa Makina a ku Joni

Lolemba, 8 Juni 1992

Zatsimikizika. Woperekeza Ababa ku Joni kukachotsa ng'ala m'maso ndi achimwene Aroni, osati ine. Amalume Isake akuti mwana wamkazi sangakagone m'mahotela a ku Joni. Ndiye ine Lidia womaliza Fomu 4, wotayipa pa ofesi ya sukulu, ndikhale pano pa Mvera. Apite munthu amene Chingerezi chake ndi chokalipira ng'ombe za pangolo.

Chabwino. Ndazisunga.

Lachiwiri, 9 Juni

Kalata ya achimwene Langton yafika kuchokera ku England, yotsegulidwa kale monga mwa masiku onse. M'katimo muli khadi lawo la kubanki. Nambala yachinsinsi inabwera payokha sabata yatha. Akuti ku Joni kuli makina a pakhoma: ulowetse khadi, udine nambala, ndalama zakomweko zituluke, ukalipire kuchipatala. Wowerenga ndi kumasulira zonsezi ndani? Yemwe uja wosayenera kupita.

Lachinayi, 11 Juni

Ndawaphunzitsa. Ndinaboola katoni ya sopo n'kuiika pawindo, ine m'nyumba kukhala makina. Aroni alowetsa khadi chozondoka kawiri. Ababa ayamba n'kuvula chipewa: "Odi kumeneko."

Ndati Ababa, makina salonjeredwa.

"Chinthu chokupatsa ndalama osachilonjera?"

Amama aseka mpaka kukhala pansi. Ndanena katatu konse kuti khadi likangotuluka, tengani msangamsanga. Langton anachita kujambula mzere kunsi kwa mawu amenewo. Aroni: "Tamva, aphunzitsi."

Loweruka, 13 Juni

Anyamuka. Pa basi Ababa anandigwira dzanja nthawi yaitali, akuyang'ana pambali pang'ono pa pamene panali nkhope yanga. Aroni sindinawatsanzike.

Lachiwiri, 16 Juni

Zii.

Lachitatu, 17 Juni

Foni ya ku ofesi yalira cha m'ma 10. Aroni. Khadi lamezedwa.

Akuti zonse anachita bwinobwino, nambala osaphonya. Makina anayamba kung'ung'uza, khadi n'kusuzumira kunja. Ababa atamva phokosolo anati, "Tiyeni tithokoze," n'kutsinzina. Aroni nawo kutsinzina, poti ndani angaphenye mkulu wa mpingo akupemphera? Pemphero la Ababa ndimalidziwa ine. Limayambira kwa Langton, lidutse odwala onse a ku Mvera mmodzimmodzi, lifike pa chilala cha chaka chino, kenako akumpando. Makina akuti ankalira pii pii pii. Pofika pa Amen, khadi labwerera m'kati, ndalama osatuluka. Mayi wina pamzere kumbuyo kwawo akuti anavomera nawo Amen.

Ndaseka mpaka ahedi kusuzumira pakhomo. Ndisanayankhe kanthu foni inaduka.

Kuseka kwandithera panjira yopita kunyumba. Opaleshoni ndi Lolemba.

Lachinayi, 18 Juni

Amalume abwera kudzamva nkhani. Akuti mwina makinawo ndi osazolowera anthu akuda. Ndawapatsa mpando, madzi, basi. Amama akungosesa pabwalo posesa kale.

Nambala ya foni ya Langton ili pamutu pa kalata ija, ndipo kalatayo inatsala muno m'thiranki. Aroni anati sakuifuna, zonse zili m'mutu.

Ndalemba kuseri kwa envulopu zoti ndiwauze akaimbanso. Mfundo zisanu ndi ziwiri. Yachinayi ndi yowawa kwambiri, ndaikonda.

Lachisanu, 19 Juni

Aroni aimba masana, ine envulopu ili kale patebulo, kalata ya Langton ili m'katimo.

Anapita kubanki ya makinawo. Dona wa pawindo anayankhula zambiri, iwo anatolapo mawu amodzi okha, oti pakufunika mwini khadi. Kuchipatala anachita kuwamasulira wantchito wina wa ku Dedza: akapanda kulipira Lolemba m'mawa, malo a Ababa apita kwa wina, abwerenso Seputembala. Ababa sanadye chiyambire dzulo. Angokhala pabedi atavala jekete, akuti awachititsa manyazi ana awo.

Ndinakoka mpweya kuti ndiyambe mfundo yoyamba.

"Lidia," anatero Aroni, mawu ali pansipansi, "anthu kuno sindikuwamva. Ndikungogwedeza mutu. Sabata yonse ndikungogwedeza mutu."

Chibadwire sindinawamvepo akuyankhula choncho.

Ndinati muli ndi pensulo? Anabwereka kwa munthu. Ndinawapatsa nambala ya Langton kuti awaimbire, Langtonyo atumize ndalama pa waya lero lomwe. Kenako mawu a Chingerezi okanena kuchipatala kuti asunge malo a Ababa, chilembo chimodzichimodzi. Ahedi anaima pakhomo akuloza wotchi, ine ndinawafulatira.

Ndati werengani ndimve. Anawerenga, n'kupunthwa pa liwu lachitatu.

"Bwerezaninso, achimwene. Pang'onopang'ono, ndili pompano."