Spring ili ku Kamwala

Lachiwili

Nsofwa, 07:42
ba Mukuka, nikapita ku Solwezi ndani azakhala na ba daddy?

Nsofwa, 07:43
nchito niyamba Monday. bus ni ya Sunday m'mawa pa Intercity

Nsofwa, 13:05
ma tick awili a blue. zikomo akulu anga

Mukuka, 16:30
shani mwaice. meeting tsiku lonse. drill ya ba daddy yatha?

Nsofwa, 16:34
ikalibe. motor ilila bwino, belt ni yatsopano. dzimbili nachotsa na sandpaper mpaka phone siizindikilanso chala changa

Nsofwa, 16:35
yatsala spring chabe. ija yobweza handle m'mwamba ukatsiliza kuboola. popanda iyo handle igwa yokha

Mukuka, 16:51
koma si unabalonjeza kuti uzachoka ikayamba kugwila nchito?

Nsofwa, 16:55
inde, mu April, atatuluka mu chipatala na dzanja lamanja lofooka. banati ndiwe engineer, nibweleke manja titsilize iyi imodzi

Nsofwa, 16:56
nthawi ija inali imodzi zoona. manje zili zitatu. ziwili mu garage, ina mu chipinda changa

Nsofwa, 16:58
ya mu chipinda ni ya 1962. banaipeza ku Kabwata kuseli kwa shop ya ma gate, nkhuku inali kuikila mazila pa table yake. gown yanga ya graduation nakoloweka pa handle. zikhalana bwino, zonse sizigwila nchito

Mukuka, 17:10
kkkk ba engineer

Mukuka, 17:11
leka nikambe na mulamu wako Betty. uziwa kuno ku Woodlands malo ni ochepa

Nsofwa, 17:12
niziwa. zipinda zinayi

Lachitatu

Nsofwa, 09:20
mvelani zamene banitumila, bali mu garage ine nili mu kitchen

Nsofwa, 09:20
[uthenga wa mawu wa ba daddy, 0:24] Nsofwa, upiteko ku shop ya Faraji ku Kamwala ukafunse ngati spring yafika. Upite m'mawa, iye alipo. Ngati sinafike usadandaule mwana wanga, zitsulo zakale sizifuna changu. Ine pa mgodi ninadikila bearing imodzi miyezi isanu na umodzi.

Nsofwa, 09:22
aka nkachisanu na chiwili. minibus Chelstone mpaka town, kuyenda pansi mpaka Kamwala, ba Faraji bayang'ana kumwamba, ati sinafike mama, yesani sabata la mawa

Nsofwa, 14:40
lelo sininapite. ninali kuchapa zovala za ulendo

Nsofwa, 14:41
ba Betty bati chani?

Lachisanu

Nsofwa, 12:58
[foni yosayankhidwa]

Nsofwa, 13:04
yankhani plz

Nsofwa, 13:09
ok nilemba chabe. nagula ticket, napitila ku Kamwala. ninaiwala kuti lelo ni Friday, ba Faraji bali ku mzikiti. pa shop napeza ba Hadiya, akazi awo

Nsofwa, 13:11
natchula chabe dzina la ba daddy, Kampamba, batsegula drawer. ati oh ndinu mwana wake, katundu wanu wakhalitsatu muno

Nsofwa, 13:12
[chithunzi]

Nsofwa, 13:13
spring mu envelope ya khaki. onani zolemba pamwamba. Kampamba, 9 June. musamupatse mtsikana

Nsofwa, 13:14
ba Hadiya baona mawu aja nitaigwila kale m'manja. bayamba kukonza ma padlock amene anali okonzeka bwino

Mukuka, 13:40
mwina Faraji ndiye analemba

Nsofwa, 13:42
onani K uja. wapendekela kumbuyo. ni dzanja lamanzele la ba daddy. nine ninabaphunzitsa kugwila pen, masabata atatu pa table ya mu kitchen

Mukuka, 13:50
eish

Mukuka, 13:52
mdala ni wochenjela. so ni easy manje, ika spring, drill igwile, lonjezo latha, upite

Nsofwa, 13:53
easy

Mukuka, 14:15
Betty ati tingapeze mzimai wobwela masana kuphika na kuchapa. zina tizaona

Nsofwa, 14:18
ma button a shirt ni m'mawa. mankhwala ni 06 na 18. sibadya ngati munthu abayang'ana

Mukuka, 14:19
tizamuuza mzimaiyo

Loweluka

Nsofwa, 08:30
spring ili mu handbag. kuika ni ma minute khumi, screw imodzi na pliers

Nsofwa, 08:33
dzulo pofika ba daddy banifunsa, yafika? maso ali pa oil can, osati pa ine

Mukuka, 09:02
unati chani

Nsofwa, 09:04
ninati ba Faraji banali ku mzikiti. si bodza

Nsofwa, 11:47
ba daddy baona suitcase pa corridor. bapita mu garage kuyesa kumanga chuck ya drill okha, key ku dzanja lamanzele, chitsulo bachigwila na chibwano

Nsofwa, 11:49
key yagwa katatu. kachinayi baisiya pansi, bakhala pa stool. nili pa window, sibaniona

Mukuka, 12:30
[uthenga wa mawu, 0:17] Iwe mwaice, zaka ziwili wafuna nchito. Usayambe vifundo manje. Ba daddy ni munthu wamkulu, bazazolowela. Ine nizayamba kupitako ma Sunday, tikachoka ku church.

Nsofwa, 12:36
Sunday yomaliza munabwela inali ya Easter

Mukuka, 12:37
traffic ya Great East uiziwa

Nsofwa, 15:20
banipempha niwelenge ma number pa plate ya drill ya 1962. ati iyo ifunika pulley. bamva kuti ku Kafue kuli munthu ali nayo

Lamulungu

Mukuka, 07:15
wakwela?

Mukuka, 07:50
nikanakupeleka ku Intercity koma first service

Mukuka, 10:32
Nsofwa. muli pati manje, mwapita Kabwe?

Mukuka, 10:33
[foni yosayankhidwa]

Nsofwa, 11:58
sinipita ku Solwezi. mawa envelope niibweza kwa ba Faraji