Kabokosi ka Madzi ndi Ukwati wa Lucy

Lolemba, 6 Disembala 1999
Mvula m'mawa kuno ku Lifuwu. Bingu litangogunda, a Tausi osesa mu ofesi azimitsanso masoketi onse. Kabokosi kathu, kakompyuta koyeza madzi a m'ngalande za mpunga, kazima nawo. Kakadzuka sikaona disiki yachiwiri yomwe tidawonjezera, mpaka ine ndilembe lamulo pamanja. Ndikapanda kutero, manambala a tsikulo amatayika, alimi n'kumagawana madzi mongoganizira. Ukwati wa mng'ono wanga Lucy Loweruka ku Chitala. A Anderson, abwana: "Mukachoka, disikiyo aiitana ndani?"

Lachiwiri, 7
Kuwaletsa a Tausi sindingathe. Achimwene awo adafa ndi mphezi ali m'bwato. Asinthe ndi kabokosi, osati iwo. Ndalemba mzere umodzi mu fayilo yomwe kamawerenga podzuka: dzina la disiki ndi pomwe izikhala. Kuzula pulagi. Kubwezera. Disiki yabwera yokha! Ndavina ndekha ngati wamisala. Masana usipa wootcha, kukoma kwake.

Lachinayi, 9
Ndinakondwa msanga. A Anderson anyamula disiki ija kupita nayo ku Salima kukasindikiza manambala. Magetsi aphethira, kabokosi kakanika kudzuka, kangoti zii kudikira disiki yomwe palibe. Ndi ine ndidakauza kuti kaziifuna, ndidzudzule ndani? Atelala amaliza diresi yanga ya ku ukwati, yobiriwira. Ndaiyesa, misozi yalengeza.

Lachisanu, 10
Ndasintha malangizo. Disiki ikakhalapo, katenge. Ikasowa, kalembe m'kati mwake, kasadikire munthu. Ndapempha a Tausi azimitse ndi dzanja lawo. Poyamba akana, ati asandiwonongere ntchito. Kenako avomera, azimitsa katatu: disiki ilipo, disiki palibe, ilipo. Kadzuka katatu konse. A Anderson anangoti, "Pitani, koma keke tiilawe."

Lachiwiri, 14
Miyendo ikuwawabe ndi gule. Lucy anakongola mpaka ndinachita nsanje pang'ono, Mulungu andikhululukire. Amayi nthungululu mpaka mawu kusasa. Keke yomwe ndinawatengera a Anderson yafika yophwanyika ndi mabampu a minibasi, yadyedwabe.
Ndatsegula manambala mtima uli m'mwamba. Onse alipo, ngalande iliyonse. Koma kabokosi kakuonetsa kuti kanazima kasanu ndi kawiri. Ndawafunsa a Tausi ngati mvula inavuta chonchi.
"Ayi, mwanangu, bingu linagunda kawiri kokha. Kwinako ndimangofuna kukaona kakudzuka."