Mdzukulu Wanu Si BID

Amake Yohane, mng'ono wanga,

Landirani moni kumeneko ku Katete. Kuno ku Dambwa tadzuka, koma mawondo okhawa. Mdzukulu wanu wabadwa, wamkazi, ndipo mpongozi wanu Tisa ali bwino. Koma Yohane wandipsetsa mtima, mumve bwinobwino.

Tisa anachirira m'takisi asanafike kuchipatala, ali ndi mnzake. Yohane anawalondola kuchokera kuntchito. Atafunsa pakhomo, anesi anati, "Akazi anu ni BBA." Akuti kumeneko n'kunena kuti mwana wabadwira m'njira. Iye makutu ake anamva BID, ija amanena munthu akafika atafa kale. Osafunsanso, osalowa, anathamangira kuno manja ali kumutu, akuti Tisa wamwalira.

Tinatulutsa mipando panja. Azimayi a kumpingo anadzaza nyumba, ine ndinagubuduka pansi mpaka mawu anatha. Madzulo tili kutsitsa nkhuni za pamaliro, takisi yaima, Tisa watuluka atafukata khanda. Akuti, "Amama, wamwalira nindani?"

Ndinamufunsa Yohane, "Iwe, pakamwa unasiya kuti?" Iye akuti, "Ba mami, malembo yafanana." Afanana! Moyo ndi imfa zifanana?

Tsopano komboni yonse ikutchula mwanayu kuti ka BID, ndi ana omwe. Dzina ndi lanu kupereka, amake Yohane. Tumizani msanga lisanamukakamire ili la maliro, ndipo mwana wanuyo mumukalipire nokha, ine mawu ndilibe.

Mulungu akusungeni.

Ndine mkulu wanu,
Amake Esinati