Ana anga awiri pa tsamba limodzi la nyuzi

Aphungu,

Ndisayambe ndi kudandaula, chifukwa kunena zoona moyo ukutiyendera bwino. Ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Crumlin muno mu Dublin, ku Ireland, ndipo ndimagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Bambo a kunyumba ndi a sekyulite ku eyapoti. Tinabwera kuno ana ali aang'ono, tinavutika nthawi yodikira mapepala, koma pano tinakhazikika. Nkhani imene ndabwera nayoyi mwina museka, koma ine yandikhala pakhosi.

Mwana wanga woyamba ndi wamkazi, Mwaiwawo. Ali ndi zaka 19 ndipo akuphunzira za unamwino ku koleji. Loweruka lililonse amathandiza ana a m'dera lathu homuweki mu holo ya tchalitchi. Anayamba ndi tiana tochepa, pano mipando imaperewera. Mlongo wake, Jared, ali ndi zaka 16. Ndi wamtali kuposa bambo ake, wokonda basiketibo, waphokoso, ndipo chipewa cha jekete sichichoka kumutu kwake ngakhale dzuwa liwale. Kusukulu si woyamba, komanso si womaliza.

Mwezi watha mtolankhani wa kanyuzi kena ka kuno anapita ku holo kuja kukacheza ndi Mwai. Nkhani inatuluka papepala ndi pa intaneti pomwe, tsamba lonse lathunthu. Pamwamba panali chithunzi cha mwana wanga akumwetulira pakati pa ana, mutu wake wakuti mtsikana wosiyana ndi anzake. Aphungu, ndinavina m'khitchini ndili ndi yunifomu. Ndinatumiza nkhaniyo pa WhatsApp kwa abale onse, ku Lilongwe, ku Balaka, ku Joni, ngakhale kwa anthu amene sitinalankhulane chichokereni kumudzi. Agogo ena achizungu amene ndimawasamalira anandipempha kuti ndiwawerengere kawiri.

Pansi pa tsamba lomwelo panali chithunzi china chaching'ono. Anyamata angapo ataima pamalo odikirira basi, onse atafunda zipewa za majekete, atajambulidwa chakumbuyo. Mmodzi atakweza mkono ngati akufuna kumenya mnzake. Pansi pake analemba kuti achinyamata osowa chochita akusowetsa anthu mtendere m'madera mwathu. Madzulo a tsiku limenelo tikudya, ndinaloza chithunzicho nkunena kuti, “Taonani awa. Makolo awo ali kuti? Ana oterewa ndi amene akutinyozetsa m'dziko la eni.” Jared anangopitiriza kudya.

Lamlungu titatuluka m'tchalitchi, mnzanga wina wa ku Zambia, a Clotilda, anandikokera pambali foni ili m'manja. Anati, “Imwe amake Mwai, mwaiona bwino pikicha ya pansi iyi? Uyu wamutali si mwana wanu? Ine Jared nimuziba ngakhale kumbuyo.” Ndinakana ndikuseka. Iwo anakulitsa chithunzicho ndi zala. Pachigongono cha jekete ya mnyamata wokweza mkono uja panali chigamba chimene ndinasoka ndekha ndi ulusi wofiira, wobiriwira utandithera.

Titafika kunyumba ndinamufunsa. Anandiyankha m'Chingerezi monga mwa masiku onse, koma mawu ake anali akuti, “Ndinadziwa tsiku lomwelo, Mum. Ndimafuna ndione ngati mungandizindikire.” Ndinamufunsa chimene amachita pamenepo. Anati amachokera kosewera basiketibo, kunali mvula, basi inachedwa, ndiye amagawana tchipisi. Mkonowo anakweza posonyeza anzake momwe anaponyera mpira. Palibe amene anaona wojambulayo. Kenako anaseka nkunena kuti, “Munafunsa kuti makolo awo ali kuti. Munali pomwepo, mukundigawira mpunga.” Tonse tinaseka, ine ndi misozi m'maso.

Sindikunena kuti mwana wanga ndi mngelo. Iye ndi anzakewo akakwera basi, phokoso lake mumachita kugwira makutu, ndipo tsiku lina dalaivala anawakalipira ine ndili momwemo. Koma sanabepo, sanamenyepo munthu, ndipo nthawi imene tinagwirizana kuti azikhala ali pakhomo amaisunga. Anzakewo ndi ana osakanikirana, achiairishi, a ku Nigeria, a ku Poland. Iwo nkhaniyi aitenga ngati nthabwala, moti chithunzicho achiika pa gulu lawo la WhatsApp.

Chimene chinawonjezera moto ndi uthenga wa mawu wochokera kwa achimwene anga a Ellard ku Area 25. Anayamikira Mwai mpaka kumutchula mfunda, kenako anati, “Jared, mphwanga, utengere chitsanzo kwa mlongo wako. Usadzakhale ngati zigawenga zili pansipo.” Ndinautsegula pa sipika osadziwa zili m'katimo. Apa Jared sanaseke. Anadzuka nkukalowa kuchipinda.

Mwai nayenso nkhaniyi sinamusangalatse kuyambira pachiyambi, ine ndimangoti ndi manyazi. Akuti anauza mtolankhaniyo kuti anzake ambiri amachita zabwino zimene sizilembedwa, koma mawu amenewo anawadula. M'malo mwake analemba kuti anathawa umphawi wadzaoneni, pamene iye anachoka ku Malawi asanayambe ngakhale sitandade wani, ndipo chimene amakumbukira ndi galu wa agogo ake basi. Anandiuza kuti, “Anandikweza popondera Jared. Ine sindinapemphe zimenezo.”

Bambo awo anagula kale felemu, nkupinda tsambalo kuti chithunzi cha pansi chisaoneke, nkulipachika pabalaza. Iwo akuti, “Nkhope sikuoneka, ndani angamudziwe? Tisayambitse milandu m'dziko la eni. Mwana watitchukitsa, tiyeni tithokoze Mulungu.” Ndikuwamvetsa. Zaka zimene tinakhala tikudikira mapepala zinatiphunzitsa kuyenda mowerama.

Tsopano mtolankhani uja waimbanso foni. Akufuna abwere kunyumba ndi kamera adzajambule vidiyo ya banja lonse. Bambo akufuna. Mwai akuti avomera pokhapokha anyamatawo apatsidwe mpata wolankhula. Jared akuti, “Ine sindikaima pa kamera kukatsimikizira anthu kuti si ine wakuba.” M'nyumba mwathu kuseka kukadalipo, tikudyera limodzi, koma Jared wayamba kuitana mlongo wake kuti “a Chitsanzo”. Mwai amaseka, koma ine monga mayi ndikuona kuti zikumulasa.

Ndiye Aphungu, ndichite chiyani? Ndimulole mtolankhaniyo abwere? Ndikadandaule kunyuziko, kapena ndikhale chete monga akunenera bambo? Nanga felemu ija nditsitse? Ndimanyadira ana anga onse awiri, koma khoma la pabalaza likunena za mmodzi.

D.K., Crumlin, Dublin

Mayi D.K.,

Ndasekadi, makamaka pa mpunga paja. Koma ndiyambe ndi kukuuzani chimene ndaona m'kalata yanu: nyumba yanu ili bwino. Muli ndi mtsikana amene wakana kutamandidwa mopondereza mlongo wake, ndi mnyamata amene anatha kukuuzani zoona nkukusekaninso. Makolo ambiri amene amandilembera akusowa zimenezo.

Yambani ndi Jared, osati ndi nyuzi. Kuseka kuja kusakupusitseni. Mwana amene akuti amafuna aone ngati mungamuzindikire, ndiye kuti anadikira masiku onsewo, ndipo amene anamuzindikira anali a Clotilda. Mutengeni panokha, mlongo wake ndi bambo ake palibe, kaya mukuyenda kupita kushopu. Muuzeni mosazungulira kuti mawu amene munanena patebulo aja anali olakwika, ndipo akanakhala olakwika ngakhale iye akanapanda kukhala pachithunzipo. Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Kwa inu mwambiwu wachita kubwera ndi chithunzi. Mukatero musawonjezere ulaliki wa phokoso la m'basi. Umenewo uli ndi tsiku lake. Musamuuzenso kuti asiye jekete ija kuti azioneka bwino. Mvula ya kwanuko ndiyo inamuveka chipewa.

A Ellard musawakwiyire, ananena zimene inunso munanena. Aimbireni foni muwauze kuti chigawenga chija ndi mphwawo, amadya tchipisi podikira basi. Kenako apempheni amuimbire mwanayo okha. Malume akapepesa, mwana saiwala.

Za kunyuzi, bambo a kunyumba akulankhula ndi mantha akale, ndipo muwalemekeze, chifukwa manthawo ali ndi pochokera. Koma kupempha kuti cholakwika chikonzedwe si kuyambitsa mlandu. Inu ndinu kholo la mwana wosakwana zaka 18 amene wajambulidwa osadziwa, nkuikidwa pansi pa mawu omunyoza. Lemberani mkonzi wa nyuziyo mwaulemu ndi mwachidule. Thokozani pa nkhani ya Mwai, fotokozani chimene anyamatawo amachita, ndipo pemphani kuti chithunzicho achichotse pa intaneti. Akakunyalanyazani, ku Ireland kuli ofesi yomva madandaulo a anthu okhudza nyuzipepala. Koma musanatumize chilichonse, muwerengereni Jared, ndipo makolo a anzake aja adziwe. Pachithunzipo pali ana a anthu enanso. Mwina mudzapeza kuti mayi wa ku Poland nayenso anazindikira nsapato.

Kamera isalowe m'nyumba mwanu pakali pano. Pabalaza panu si bwalo la zisudzo, ndipo mmodzi mwa eni nyumba wakana. Jared wanena mawu anzeru: si udindo wake kutsimikizira dziko kuti ndi munthu wabwino. Uzani Mwai kuti cholinga chake nchabwino, koma asamukokere mlongo wake pa kamera kuti iye mtima ukhale pansi. Ngati Mwai akufuna kulankhulanso, ndi wamkulu, achite zimenezo ku holo kumene amagwira ntchito yake. Apemphe kuona mafunso a mtolankhaniyo tsikulo lisanafike, anene poyera kuti za umphawi wadzaoneni zija si zoona, ndipo auze mtolankhaniyo kuti nayenso ajambula macheza onse pa foni yake. Munthu akadziwa kuti mawu asungidwa kwina, lumo lake amaligwira mosamala. Musamutenge mtolankhaniyo ngati mdani. Nthawi zambiri wolemba nkhani si amene amasankha chithunzi kapena mutu. Vuto ndi chizolowezi chakuti wachinyamata akalowa m'nyuzi, alowe ngati nyenyezi kapena ngati chigawenga. Ana ambiri ali pakati, akudikira basi, ndipo pakati sipagulitsa nyuzi.

Felemu ija musaitsitse mobisa ngati mwaba. Ntchito ya Mwai ndi yeniyeni, ndipo bambo ake ali ndi ufulu wonyada. Chimene chikuvuta ndi chopindidwa kumbuyocho, chifukwa aliyense m'nyumbamo akudziwa kuti chilipo. Funsani ana onse awiri chimene akufuna chichitike nalo tsambalo, bambo ali pomwepo. Ndipo nokha mwanena kuti khoma likunena za mmodzi. Kodi munapitako kukamuonera Jared akusewera? Pemphani kusinthana shifiti ndi mnzanu, mupite, mukuwe mpaka achite manyazi, mumujambule chakumaso. Anzake aja aitaneni tsiku lina adzadye. Muwadziwe maina, mudziwe kumene amakhala. Zimenezi zikuthandizaninso kuti musagwere mbali inayo, yomati poti nyuzi inanama ndiye mwana wanga sangalakwe. Wazaka 16 amafunabe diso la kholo.

Dzina lakuti “a Chitsanzo” lithe. Muuzeni Jared kuti mutu wa nkhani uja sanalembe ndi mlongo wake.

Chenjezo langa lomaliza lili pa Mwai, amene aliyense akuganiza kuti ndiye wapindula. Pano abale ku Lilongwe, ku Balaka ndi ku Joni akumudziwa ngati mwana wosalakwa. Katundu ameneyo ndi wolemera kwa mtsikana wa zaka 19. Maphunziro a unamwino ndi ovuta. Lidzafika tsiku limene adzalephere mayeso, kapena adzatope ndi ana a Loweruka aja, kapena adzakonde mnyamata amene inu simudzamufuna. Mwana amene wapachikidwa pakhoma amaopa kunena zoterezi, amangovutika yekha akumwetulira. Musadikire tsikulo. Muuzeni sabata ino, pamene zonse zili bwino, kuti akadzapunthwa asadzabise, adzabwere kwa amayi ake adzanene.

Aphungu