Mabulaketi amene Yusufu anachotsa

Lachinayi. Tsiku landiwawa.

Lero ine Asiyatu ndi Yusufu, mnzanga wa m'kalasi, timaonetsa pulogalamu yathu ya pakompyuta, ya chinenero cha C, yoyendetsa pampu ya madzi. Dzulo inkayenda bwinobwino, koma pamaso pa aphunzitsi, a Mdala, kompaila, imene imamasulira pulogalamu kuti kompyuta imve, yakana.

Nditayang'ana, mzere wanga uja wa int (*yatsa)(void) unali utasanduka int *yatsa(void). Popanda mabulaketi amenewo, yatsa sikhalanso pointa yoitanira fankishoni, kutanthauza cholozera ku gawo lina la pulogalamu. Laputopu inagona kwa Yusufu.

A Mdala anafunsa kuti, "Mzerewu analemba ndani?"

"Za mapointa ndi za Asiyatu, ine sindinakhudzeko," anatero Yusufu.

Ndinabwezeretsa mabulaketiwo, pulogalamu n'kuyenda, koma a Mdala anali atalemba kale malikisi.

Panja Yusufu anandipeza ndikudikira kabaza. "Pepani achemwali, ndimaona ngati mabulaketi aja alibe ntchito, ndiye ndinawachotsa. Muja ndinachita mantha."

Kulakwitsako ndikanamvetsa, nanenso mapointa anandisokonezapo. Koma potchula dzina langa sanadodome n'komwe. Mawa tikhalanso benchi imodzi, ndipo sindikudziwa ngati ndimuyankhe akandipatsa salamu.