Tsiku Limene Mit Anasowa ku Phiri la Ba Vi

Son Tay,
pa 9 Novembala

Mlongo wanga Khoi,

Ndikhulupirira uli bwino ku Japan kumeneko, ndipo kuzizira sikunakuyambe. Ife kuno tadzuka. Amayi mawondo akuwavutabe, koma kumsika akupita okha. Alamu ako a Vinh ali bwino. Mwana wako Mit nayenso ali bwino, wamera mano ena awiri. Moniwu ndapereka chifukwa ndi mmene anatilerera, koma mtima wanga suli m'malo. Ndalemba pa pepala dala, poti foni umadula ukaona kuti nkhani yakuipira.

Chithere kutentha, Lamlungu lililonse timatuluka ndi mwana. Timakhala ine, mnzanga Lua, mwamuna wake Thach ndi khanda lawo. Mit ali ndi zaka ziwiri ndi theka tsopano, m'nyumba sakhazikika. Tinapita naye kokolola mpunga, anagwera m'matope n'kumaseka. Sabata ina tinakadyetsa nsomba kudziwe, buledi wa nsombayo anadya yekha. Zithunzi zonsezi ndinkakutumizira. Iwe unkayankha ndi kachala kamodzi koloza m'mwamba, basi.

Unalonjeza kuti ubwera pa chikondwerero cha mwezi wowala, chija ana amayenda ndi nyali usiku. Amayi anagula nyali yonga nyenyezi, ine ndinatha sabata ziwiri ndikuphunzitsa mwana kuloza chithunzi chako cha pakhoma n'kunena kuti bambo. Kenako unaimba kuti abwana akukaniza tchuthi. Tinakumvera chisoni. Amayi anakafukiza lubani pa chithunzi cha malemu mkazi wako Oanh, n'kumamuuza kuti asadandaule, mwamuna wake akuvutikira mwana.

Lamlungu lapitali tinakwera ku Ba Vi, poti maluwa achikasu aja amasula phiri lonse. Alamu ako anali kuntchito. Anthu anali piringupiringu, aliyense ndi foni m'manja. Tinayala mkeka pansi pa mitengo ya paini. Lua anamasula mpunga wanthete wokazinga wokulunga m'masamba, ine ndinatulutsa mazira owiritsa. Mit anali pambali panga, akutola timasamba touma n'kumaika m'chipewa chake.

Thach akusenda lalanje, anangolankhula ngati nkhani wamba. Akuti mlongo wanu Khoi uja wanenepatu, Japan wamuyanja, mimba yayamba kutsogola. Ndinaseka, ndikuti wakuona pa chithunzi chiti. Iye akuti chithunzi chanji, si tinamwa limodzi mowa ku Hanoi sabata ya chikondwerero ija, ali ndi mtsikana wa tsitsi lalifupi. Akuti unamuuza wekha kuti wabwera masiku khumi.

Ndinaona Lua akumutsina pa ntchafu. Apo m'pamene ndinadziwa kuti si nthabwala.

Ndinamufunsa Lua kuti wadziwa liti. Akuti tsiku lomwelo. Sabata zisanu ndi imodzi, Khoi, munthu akudya nane pa mkeka umodzi, akundimvera ndikukuikira kumbuyo kuti ntchito yakupanikiza. Akuti ankaopa kundipweteka mtima, komanso unawachonderera kuti asanene. Ndinaimirira. Ndinamutchula Lua mayina amene sindingalembe pano. Thach akuti khalani pansi alongo, anthu akutiyang'ana. Ndinamuuza kuti anthuwo ayang'ane, mwina mmodzi mwa iwo anamwa nawenso mowa.

Sindikudziwa kuti ndinalalata nthawi yaitali bwanji. Nditacheuka, pa mkeka panali chipewa chodzaza masamba. Mwana panalibe.

Iwe malo aja ukuwadziwa. Maluwa aja ndi aatali kuposa munthu wamkulu, kumunsi kuli phompho, ndipo mumsewu njinga zamoto zimatsika ngati zilibe mabuleki. Ndinalowa m'maluwamo ndikuitana mpaka mawu anatha. Lua anathamangira kumsewu khanda lili m'manja, nsapato atasiya pa mkeka. Thach anapita koimika magalimoto. Ndinagwira anthu osawadziwa m'malaya, kuwafunsa ngati aona kamtsikana kovala juzi yofiira. Mtsikana wina anandipempha kuti ndisunthe pang'ono, ndikumutchinga pojambula.

Thach akuti panadutsa mphindi makumi awiri. Ine m'mutu mwanga ndinali nditamuika kale m'manda pambali pa mayi ake, ndipo ndinali ndikusankha mawu okuuzira iwe.

Amene anamupeza ndi Lua, pa mayi wina wootcha chimanga m'mphepete mwa msewu. Mit anali atagwira buluku la bambo wina wachilendo, wovala magalasi ndi jekete yabuluu ngati ya pa chithunzi chako chija. Bamboyo anali ndi manyazi. Akuti kamwanaka kananditsatira kuchokera kumitengo uko, kakungoti bambo, bambo, ndiye ndinasowa chochita, ndinakagulira chimanga n'kuima pano kudikira eni ake. Mayi wachimangayo sanandisiye. Akuti ndinu mayi wanji inu, kubereka mumakutha koma kuyang'anira mwana kukukanikani. Sindinamuuze kuti ndine zakhali chabe. Ndinangolandira.

Tsopano ndikuuze chimene chikundisowetsa mtendere. Ndinamumenya mwana, Khoi. Kawiri pa ntchafu, pamaso pa anthu. Chimulandirireni ali ndi miyezi isanu ndi itatu, Oanh atangomwalira, sindinamukhudzepo ngakhale ndi chala. Sanalire msanga. Anangondiyang'ana, n'kugwiritsitsa buluku lija. Ndinachita kumasula tizala take kamodzikamodzi, bamboyo akupepesa ngati walakwa ndi iye. Njira yonse yobwerera ankalirira bambo ake amene ndamulanda. Zala zanga zinaonekabe pa ntchafu pake mpaka Lachiwiri. Mbama imeneyo inali yako. Mwana anangoilandira poti ndi amene anali pafupi.

Kuchoka ku Hanoi kufika kuno ndi ola limodzi pa basi. Unali ndi masiku khumi. Ukanabwera m'mawa n'kubwerera masana, mtsikana wakoyo akanangoyesa wapita kokameta.

Za mtsikanayo sindikukuletsa. Oanh anapita, ndipo palibe amene ananena kuti ufe wosakwatiranso. Ndikufuna undiyankhe chinthu chimodzi: kodi unamuuza kuti uli ndi mwana? Ine ndikuganiza kuti ayi. Ndikuganiza kuti unabisa mwana wako ngati chilonda cha pansi pa malaya. Ngati ndikunama, undiuze, ndidzapepesa.

Amayi sindinawauze. Akufunsabe ngati abwana ako ali ndi mtima wa munthu. Uwauze wekha mwezi uno usanathe. Ukapanda kutero ndidzawauza ine, ndipo sindidzakometsera. Lua ndinakamupepesa Lachitatu, tinalira tonse. Iye uja anathamanga pa miyala wopanda nsapato chifukwa cha mwana wa mwini, mapazi ake ali ndi mabala mpaka lero.

Nazi njira zako ziwiri. Ubwere pa Chaka Chatsopano, ndi mtsikanayo ngati ali wokhalitsa, udzakhale pansi pa mkeka ndi mwana wako mpaka akuzolowere fungo. Ukakana zimenezo, usaine mapepala kuti Mit akhale wathu, ine ndi alamu ako. A Vinh akhala akunena zimenezi kuyambira chaka chatha. Ukudziwa kuti tatha zaka zisanu ndi zitatu m'banja popanda mwana. Ine ndinkawakaniza, ndinkati mwanayu bambo ake alipo. Lamlungu lija titafika kunyumba sindinawakanizenso.

Ndisakunamize, mbali ina ya mtima wanga ikufuna kuti usabwere. Ndimaopa tsiku limene udzafike ndi sutikesi n'kunena kuti zikomo alongo, mwanayu ndamutenga. Ndikanakhala wodzikonda, kalatayi sindikanalemba, ndikanangokusiya uzisowa mpaka akuiwale. Koma ine ndinamuona atagwira mwendo wa munthu wosamudziwa, chimanga chili kudzanja linalo osachiluma n'komwe. Akufuna iwe. Ine amandikonda, koma si ine amene anandisaka m'chigulu cha anthu chija.

Usatumize zidole. Zadzaza kale dengu, ndipo amangoseweretsa makatoni ake. Uimbe Lamlungu m'mawa tisananyamuke, mwana ali maso, nkhope yako ioneke. Ndidzamupatsa foni n'kutuluka panja. Zimene ukamuuze ndi zako.

Upereke moni kwa msuweni wathu Hao ngati mukuonanabe, umuuze kuti mayi ake alandira mankhwala aja. Makolo athu akuyang'anire kumeneko, akupatse thanzi, uzivala zofunda. Ndakukwiyira kuposa mmene ndinakwiyirapo munthu aliyense, koma mbale yako sindinaichotse m'kabati.

Ndine mlongo wako wamkulu,
Diep